Kuweruza Ligi Isanathe

M'ndandanda wa matimu a mpira wamiyendo, umene wayilesi zimawerenga masewero a kumathero a sabata akangotha, umaoneka ngati nkhani ya masamu okhaokha, pomwe pansi pa manambala akewo pagona funso limene akatswiri a nzeru zakuya ndi aphunzitsi a chipembedzo akhala akulimbana nalo kwa zaka mazanamazana. Funsolo ndi lakuti, kodi munthu amaitenga kuti mphamvu yonenera kuti uyu waposa uyo pamene ntchito ya onse awiri idakali pakati, ndipo akanena chomwecho amakhala akuyeza chiyani kwenikweni? Woyeza angathe kuwerenga zimene timu yachita kufikira lero, angathe kuyerekeza mphamvu zimene timuyo ili nazo ngakhale sizinaonekere pabwalo, kapenanso angathe kufunsa ngati zimene yachitazo zikulingana ndi zimene idali nazo m'manja poyamba. Miyeso imeneyi kawirikawiri imaloza kosiyana, ndipo mikangano yambiri ya otsatira mpira, kaya pa boma la Chitipa kaya m'mizinda ya ku America, imabuka chifukwa wina wagwira muyeso uwu pomwe mnzake wagwira winawo, onse n'kumaganiza kuti akukamba nkhani imodzi.

Ligi yaikulu ya dziko la Malawi, yomwe idayamba mu 1986 ndipo imayendetsedwa ndi bungwe la SULOM, idasankha muyeso woyambawo. Matimu 16 amakumana kawiri, kamodzi pakhomo kamodzi koyenda, kotero kuti timu iliyonse imasewera masewero 30. Yopambana imalandira mapointi 3, akafanana mphamvu iliyonse imatenga pointi imodzi, yogonja imabwerera chimanjamanja, ndipo mapointi akafanana amayang'ana kusiyana kwa zigoli, ndiko kuti zigoli zimene timu yamwetsa kuchotsapo zimene yamwetsedwa. Matimu atatu a kumchira amatuluka mu ligi, pomwe asanu ndi atatu apamwamba amapikisana chaka chotsatira mu chikho cha Airtel Top 8, chomwe chidayamba mu 2017. Lamuloli silifunsa maganizo a munthu aliyense, komabe kungakhale kulakwa kulitenga ngati lidagwa kumwamba. Mpaka mu 1981 ligi ya ku England inkapereka mapointi awiri okha kwa wopambana, ndipo mpikisano wa dziko lonse lapansi udayamba kupereka atatu mu 1994. Timu yomwe yafanana mphamvu ndi anzake masewero khumi ili ndi mapointi 10, pomwe yomwe yapambana anayi n'kugonja asanu ndi limodzi ili ndi 12. Pa lamulo lakale yoyambayo ikadakhala ndi 10, yachiwiriyo 8, ndipo malo awo akadasinthana. Anthu ndiwo adagamula kuti kulimba mtima kofuna kupambana n'kwamtengo kuposa kuchenjera kopewa kugonja, koma adagamula zimenezi mpira usanayambe, asakudziwa kuti lamulolo lidzakomera yani, ndipo chilungamo chonse cha m'ndandanda chatsamira pa kusadziwa kumeneku.

Boma la Chitipa, limene atsamunda ankalitchula Fort Hill ndipo lili kunsonga kwa dziko, kumene Malawi wachita malire ndi Tanzania ndi Zambia, lidalowa m'kaundula ameneyu mu 2017, pamene Chitipa United idasewera koyamba mu ligi yaikulu itapambana ligi ya m'chigawo cha kumpoto. Idatuluka chaka chomwecho, idabwerera mu 2019, idatulukanso, kenaka mu 2023, itangokwera kumene kachitatu, idamaliza pa nambala 4, kumbuyo kwa Nyasa Big Bullets, Silver Strikers ndi Mighty Wanderers okha, matimu a mbiri yaitali ndi matumba ozama. M'kati mwa chaka chimenecho dzina la Chitipa linkamveka pafupi ndi pamwamba, ndipo mtsutso umene umabuka nthawi zonse timu yaing'ono ikafika pamalo otere ndi wakuti kodi malowo ndi ake kapena wangowasungira eni ake. Amene amati timu yotere idzatsika ligi ikamapita kumapeto amakhala akuyeza mphamvu, poganizira kuchepa kwa osewera apabenchi ndi kuperewera kwa ndalama. Amene amangoloza mapointi amakhala akuwerenga zochitika. Onse awiri angathe kukhala olondola pa tsiku limodzi, chifukwa akuyankha mafunso osiyana.

Tiyenera kuvomereza kuti otsutsa m'ndandanda wa pakati pa chaka ali ndi mfundo. Pa nthawi imeneyo matimu amakhala asanayesedwe mofanana: ina yasewera kale ndi Bullets ndi Wanderers koyenda, ina yangokumana ndi matimu ongolowa kumene, ina masewero ake adaimitsidwa chifukwa idali kunja kwa dziko ku mpikisano wa CAF kapena osewera ake adaitanidwa ku Flames, timu ya dziko lino, motero ili pansi osati chifukwa chogonja koma chifukwa chosasewera. Dongosolo lakuti aliyense akumane ndi aliyense kawiri lidapangidwa kuti lichedwetse chigamulo kufikira mayeso atafanana, ndipo amene amatenga m'ndandanda wa mwezi wa July ngati chigamulo akuwerenga kalata imene mlembi wake sanamalize kulemba. M'ndandanda wotere uli ngati kabuku ka ngongole ka mwini golosale, kamene kamanena molondola amene watenga sopo ndi shuga kufikira lero, koma sikanena amene ali wokhulupirika, pakuti mwezi sunathe.

Ku United States kuli chitsanzo chimene chimaonetsa zimene zimachitika ngati njira yochedwetsa chigamuloyi palibe. Kumeneko sukulu zaukachenjede zimasewera mpira wawo wonyamula m'manja, umene umakoka anthu ochuluka kuposa momwe timu ya Mzuni, ya sukulu yaukachenjede ya Mzuzu, idawakokera pamene idali mu ligi yathu. Gulu lapamwamba lili ndi matimu oposa 130, koma iliyonse imasewera masewero pafupifupi 12 okha pa chaka, choncho ambiri sakumana konse, ndipo kuwerenga mapointi sikungasonyeze katswiri. Kuyambira mu 1936 bungwe la atolankhani la Associated Press lakhala likufunsa olemba nkhani zamasewero kuti sabata iliyonse asanje matimu monga akuwaonera. Masiku ano aliyense amasanja 25, yoyamba n'kulandira mapointi 25, yomaliza pointi imodzi. Aphunzitsi a matimu adayamba m'ndandanda wawo mu 1950, ndipo m'zaka zina mindandanda iwiriyi idatulutsa akatswiri osiyana, monga mu 1997 pamene atolankhani adasankha Michigan, aphunzitsi n'kusankha Nebraska. Kuyambira mu 1998 mpaka 2013 adasakaniza mavoti ndi masamu a kompyuta, koma mu 2003 ukatswiri udagawikabe pakati pa LSU ndi Southern California. Mu 2014 ntchitoyi idaperekedwa kwa komiti ya anthu 13, imene imakumana m'masabata omaliza a mpikisano n'kumatulutsa m'ndandanda wake, ndipo wa kumapeto ndiwo umasankha olowa mu ndime yotsiriza, omwe adali anayi kufikira 2023 ndipo adakhala 12 kuyambira 2024. Chodabwitsa kwa wotsatira mpira wa kuno n'chakuti atolankhaniwo amatulutsa m'ndandanda woyamba mpira usanagundidwe n'komwe, ndipo timu imene yaikidwa pamwamba chifukwa cha dzina imatsika pang'onopang'ono, pomwe yopanda dzina imakwera movutikira ngakhale ikupambana.

Chaka chomwecho cha 2023, pamene Chitipa United inkamaliza pa nambala 4 popanda wina woivotera, timu ya Florida State idapambana masewero ake onse 13, koma komiti idaiika pa nambala 5, kumbuyo kwa Texas ndi Alabama zimene zidagonjapo kamodzi iliyonse. Chifukwa chachikulu chidali chakuti Jordan Travis, wosewera amene ankatsogolera masewero a timuyo, adathyoka mwendo mu November, ndipo komiti idaona kuti popanda iye Florida State sidalinso yamphamvu monga kale. Apa miyeso iwiri ija idawombana poyera: zochitika zidati timuyi sidagonje, kuyerekeza kudati ikadzakumana ndi amphamvu idzagonja. Patapita masabata ochepa Georgia idaigonjetsa 63 kwa 3, ndipo ambiri adati komiti yaoneka kuti idalondola. Umboni umenewo ndi wopunduka, chifukwa osewera ambiri odalirika a Florida State adakana kusewera masewerowo ataona kuti khomo la chikho latsekedwa kale, kutanthauza kuti chigamulo chidathandiza kubala chotsatira chimene pambuyo pake chidaitanidwa kukhala mboni yake.

Aristotle, wanzeru wa ku Greece amene adamwalira mu 322 Khristu asanabadwe, adaona vutoli m'masewero a nthawi yake. M'buku lake la makhalidwe lotchedwa Nicomachean Ethics adakumbutsa kuti pa masewero a ku Olympia nkhata ya chipambano inkaperekedwa kwa amene alowa m'bwalo n'kupikisana, osati kwa munthu wa thupi lamphamvu amene wakhala pakati pa oonerera, ndipo adafuna kusonyeza kuti ubwino umene sunasanduke ntchito sungalandire mphotho. M'buku lomwelo adanenanso kuti anthu onse amavomereza kuti zinthu zigawidwe molingana ndi kuyenera kwa munthu, koma amakangana pa chimene kuyenerako kuli. Komiti ya ku America imadzipatsa ntchito yoona mphamvu yobisika, ndipo mwina imaiona bwino kuposa munthu wamba. Vuto lake n'lakuti ikatero masewero amasanduka umboni chabe wothandiza oweruza, pomwe amayenera kukhala chiweruzo chenichenicho. Palinso chopinga china chimene katswiri wa masamu wa ku France, Condorcet, adachilongosola mu 1785 pokamba za mavoti: n'zotheka kuti woyamba aposa wachiwiri, wachiwiri aposa wachitatu, wachitatuyo n'kuposanso woyamba. Mu mpira zimenezi zimachitika chaka chilichonse, ndipo zimasonyeza kuti mzere woongoka wochokera pa nambala 1 kufika pa 16 ndi chinthu chimene anthu amachipanga pofuna dongosolo, osati chimene amachipeza chili kale m'matimumo.

Komabe muyeso wa zochitika nawo uli ndi bala lake, ndilo mwayi. Buku la Mlaliki, pa mutu 9 ndime 11, limaphunzitsa kuti liwiro ndi mphamvu sizitsimikizira munthu chipambano, popeza nthawi ndi zongogwera zimakhudza aliyense. Mu 1976 anzeru awiri, Bernard Williams ndi Thomas Nagel, adaukitsanso nkhaniyi pofunsa ngati n'koyenera kutamanda kapena kudzudzula munthu pa zotsatira zimene zidadalira zinthu zosakhala m'manja mwake. Nagel adasiyanitsa mitundu ya mwayi, ndipo iwiri mwa iyo ndi yofunika pano. Pali mwayi wa zotsatira, monga mpira wogunda mtengo wa golo n'kubwerera, kapena woimbira amene sanaone kuti wosewera waugwira ndi dzanja. Uwu masewero 30 amausungunula ndithu, chifukwa lero ugwera uyu mawa uyo. Palinso mwayi wa malo amene munthu wapezekamo, ndipo umenewu kuchuluka kwa masewero sikuuchepetsa koma kumauchulukitsa, pakuti umabwerera sabata iliyonse mbali yomweyomweyo.

Mtundu wachiwiriwu ndiwo umaoneka bwino munthu akaima ku Chitipa. Kwa zaka zingapo, kuphatikizapo 2023, masewero amene m'ndandanda unkawalemba kuti ndi apakhomo a Chitipa United ankaseweredwa pa bwalo la Karonga, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, chifukwa bwalo la kwawo lidali lisanavomerezedwe. Osewera ozolowera mphepo yozizira ya kumtunda ankatsika msewu wokhotakhota wa m'mapiri kupita ku chitungu cha kunyanja, ndipo wochemerera wa ku Misuku, Kameme, Wenya kapena Nthalire ankayenera kuyenda ulendo wautali ndi kulipira minibasi ya ku Karonga, asanaone n'chipata chomwe cha bwalo limene amati ndi lakwawo. Ulendo wokasewera ku Blantyre ndi wa makilomita oposa 800 kuchokera ku Karonga komweko, kudzera pa chikweza cha Chiweta, ndipo timu ya kumpoto kwenikweni imayenda maulendo aatali chotere mobwerezabwereza, pomwe matimu a ku Lilongwe ena mwa masewero awo a koyenda amasewerera mu mzinda wawo womwewo. Silver Strikers ili ndi Reserve Bank of Malawi kumbuyo kwake, Kamuzu Barracks, Moyale ndi MAFCO ndi matimu a asilikali, Blue Eagles ndi ya apolisi, pomwe timu ya m'boma lakutali imadalira kwambiri ndalama za pachipata ndi anthu akufuna kwabwino. Pa zonsezi m'ndandanda uli chete. Mapointi atatu opezeka pambuyo pa usiku wathunthu wa m'basi amalembedwa chimodzimodzi ndi atatu opezeka osewera atagona pa mabedi awo.

Apa ndi pamene muyeso wachitatu umalowera, ndipo ndi muyeso umene Malemba amaukonda. Pa Marko 12, Yesu adaona olemera akuponya ndalama zambiri m'chosungiramo zopereka, koma adaika patsogolo mayi wamasiye amene adaponya timakobiri tiwiri, chifukwa adayeza choperekacho ndi chimene chidatsala m'manja mwa woperekayo. Pa Mateyu 25, wantchito amene adapindula matalente awiri ndi amene adapindula asanu adayamikiridwa mofanana, popeza aliyense adachulukitsa kawiri chimene adalandira. Pa muyeso umenewu nambala 4 ya Chitipa ingathe kulemera kuposa nambala 1 ya Bullets, imene mu 2023 idatenga ligi kachisanu motsatizana. Munthu wamtima wachifundo angafunse chifukwa chake muyesowu sulowetsedwa mu m'ndandanda, mwachitsanzo poonjezera mapointi kwa matimu oyenda mitunda yaitali kapena osauka. Yankho n'lakuti kutero kungalande Chitipa chinthu chokhacho chimene idapindula. Ulemu wa nambala 4 ija wagona pakuti idapezedwa ndi muyeso womwewo umene adayezera Wanderers ndi Silver Strikers, popanda woichitira chisoni. Ikadakhala ya mapointi opatsidwa, aliyense akadainyoza, ndipo a ku Chitipa omwe sakadaikhulupirira. Kuonjezera apo, kuti munthu ayeze molondola zimene aliyense adapatsidwa afunika kudziwa zonse, njala ya wosewera, matenda a kunyumba kwake, mantha ake ndi ulesi wake, ndipo palibe komiti imene ili ndi maso otere. M'nkhani zonse ziwirizo woyezayo ndi Mbuye, osati antchito anzawo.

Mipingo imene yazika mizu m'bomali, monga CCAP ya Sinodi ya Livingstonia ndi Katolika, amene parishi zake za ku Chitipa zili pansi pa dayosizi ya Karonga yokhazikitsidwa mu 2010, imawerenga fanizo lina lokhudza nthawi ya chiweruzo. Pa Mateyu 13 antchito adafuna kuzula namsongole tirigu asanakhwime, koma mwini munda adawaletsa poopa kuti angazule ndi tirigu yemwe, ndipo adati kusankhula kudikire nyengo yokolola. Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, adagwiritsa ntchito fanizoli potsutsana ndi a Donatus, gulu limene linkafuna mpingo wa oyera okhaokha pansi pano, mkangano umene udafika pachimake pa msonkhano wa ku Carthage mu 411. Paulo naye, pa 1 Akorinto 4, adachenjeza za kuweruza nthawi isanakwane. Chiphunzitsochi sichiletsa kuwerenga, pakuti mipingo yomweyo imasunga kaundula wa akhristu, imalemba zopereka, ndipo imaika olakwa pa chilango. Chimene chimaletsa ndi kusandutsa kaundula wa lero kukhala mawu otsiriza onena za munthu. Kufanana kwake ndi mpira kuli ndi malire, chifukwa ligi ili ndi tsiku lake lokolola limene aliyense akulidziwa, pomwe moyo wa munthu sutero, ndipo ngakhale Solon wa ku Athens, amene malinga ndi Herodotus adakana kutchula mfumu Croesus wodala isanamwalire, adasiya funso lakuti kodi mathero okha ndiwo ayenera kulamulira mbiri yonse. Timu imene yatuluka mu ligi chifukwa cha chigoli chimodzi pa tsiku lomaliza siisanduka yoipa madzulo amenewo. Chimene chatha ndi mgwirizano wa chaka chimenecho basi.

Chimene chimapangitsa nkhaniyi kukhala ya makhalidwe, osati ya masamu chabe, n'chakuti m'ndandanda sungoonetsa zinthu koma umazisinthanso. Timu ikakhala kumchira chigawo choyamba chikamatha, akuluakulu amachotsa mphunzitsi, ochemerera amachepa pachipata, ndalama zoyendera zimasowa, ndipo kugonja kumene kudali kwa tsoka kumasanduka kwa chizolowezi. Ikakhala pamwamba, maso a matimu olemera amagwera pa osewera ake, ndipo msika wa osewera ukatsegulidwa timu yosauka imalipira mtengo wa kuchita bwino kwake potaya amene adaikweza. Chitipa United, imene idamaliza pa nambala 4 mu 2023, chaka chotsatira idapezeka ikulimbana ndi kutuluka mu ligi, ndipo amene adanena kale kuti malo aja adali obwereka adadzimva olondola, osadzifunsa ngati kukwera komweko sikudathandize kuifooketsa, monga momwe chigamulo cha komiti chidafooketsera Florida State.

Pakati pa njira ziwirizi, ya kuno ndi yoyenera munthu kuposa ya ku America, osati chifukwa imadziwa zambiri koma chifukwa imadzinenera zochepa: imalemba zimene zachitika pa lamulo limene onse adalivomereza asanayambe, ndipo siinamizira kuona za mumtima kapena za mawa. Kusalungama kumene kwatsala n'kwenikweni, koma malo okukonzera ndi kunja kwa m'ndandanda, woimbira asanaimbe wezulo yoyamba. Kumeneko kuli mafunso amene SULOM, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM ndi khonsolo ya boma angathe kuyankha ndi manja awo: ngati timu ya ku Chitipa ili ndi bwalo lovomerezeka kwawo ndipo likusamalidwa kuti lisatsekedwe, ngati ndondomeko ya masewero ikulumikiza maulendo a kummwera kuti basi isatsike ndi kukwera Chiweta sabata iliyonse, ngati thandizo lochokera kwa othandiza ligi likuganizira mtunda umene timu iliyonse imayenda, ndiponso ngati timu yaing'ono imalandiradi ndalama zake pa nthawi yake wosewera amene idamulera akagulidwa ndi timu ya mumzinda.